Ufa wa Mwala

Mayi wa ku Lima wandibwezera chithunzi.
Akuti ndathiramo utoto.
Akuti madzi otere kulibe padziko,
chonsecho waima m'mphepete mwake,
nsapato zanyowa,
akupuma mwabefu ngati aliyense wokwera kuno koyamba.

Ndine Hermelinda Chauca, ndimajambula alendo
pa nyanja ya kumtunda kwa Caraz.
Masole asanu chithunzi chimodzi.
Sindithira kanthu ine.
Ntchito yanga n'kudikira
kuti dzuwa lidumphe phewa la phiri
mphepo isanadzuke,
kuwala ndikupatse msana, kenako n'kudina.
Mitambo ikabwera nyanja imasanduka lata lakale
ndipo tsiku limenelo timadya zotsala dzulo.

Bambo anga, a Nicanor, ankasema ayezi pamwamba apo,
kumukulunga m'udzu, bulu n'kutsika naye kumsika.
Ndiwo adandigonetsa khutu pathanthwe.
Ndidamva kukukuta chapansipansi
ngati mwana wokukuta mano kutulo.
Adati: phiri lili pamphero.
Chipale chimakwawa, n'cholemera,
chafumbata miyala kumimba
ndipo chimapera usiku ndi usana
popanda wobwera kudzaola ufa.

Chaka chatha kudafika Zenaida, injiniya,
ndi bwato lopopa ndi chingwe choyezera kuya.
Adatunga madzi m'botolo la jamu, nandipatsa.
Sadali obiriwira ayi.
Adali mbuu, ngati mkaka wa wogulitsa wakuba.
Adati ufawo ngwosalala moti umakana kumira,
umangolendewera m'madzimo masabata.
Kuwala kukalowa, madzi amameza kufiira,
tinjereto timabweza zotsala m'maso mwathu,
pang'ono za thambo, pang'ono za msipu,
mtundu womwe alendo amaukanganirana dzina
mpaka minibasi iwaimbire hutala.

Botolo ndidaliika pawindo.
Mwezi usanathe madzi adali mbee,
pansi patagona kamzere ka fumbi
kopyapyala kuposa chikhadabo.
Kukongola konse kuja, kamzere basi.
Ndidalikhutchumula, koma botolo si nyanja.
Mtunduwo umafuna kuya.

Chithunzi cha bambo ndili nacho chimodzi,
adajambula mlendo wina amene adasunga lonjezo, natumiza.
Chafwifwa.
Nyanja yasanduka tiyi wa masamba obwereza,
chipewa chawo chatha m'mbali.
Koma kumbuyo kwawo chipale chafika m'madzi,
lilime lake likunyambita.
Lero ndimaimika alendo pamwala womwewo.
Kumbuyo kwawo kuli thanthwe lakuda lokhalokha,
ndipo kuti chipale chilowe m'chithunzi
ndimagwada, kamera n'kuloza kumwamba
ngati wopempha.

Ndidamufunsa Zenaida: nanga mphero ikadzaima?
Adakulunga chingwe chake nthawi yaitali.
Adati madzi adzayera,
mudzaona miyala ya pansi, mwina ndi nsomba.
Adati idzakhalabe nyanja yabwino.
Sadandiyang'ane.

Mayi uja akadali pompano, wagwira m'chiuno.
Ndamuuza aviike dzanja.
Walitulutsa msanga, kuzizira kwamuluma,
akulitembenuza uku ndi uku
kufuna pomwe pamata utoto.
Palibe. Zala zangofiira.

Wandipatsa masole anayi.
Lachisanu akuti n'la bodza langa.
Ndalandira.
Mphepo yayamba kukwinya madzi chakumpoto,
dzuwa labwino latsala ola limodzi,
ndipo kumunsi, pokhota pachitatu,
ndikumva minibasi ina ikusintha giya.